Mau Ocepa Nyimbo Isanayambe



Nkhani yanga lero iri ya nyimbo zina zimene ambiri a ife sitikondwera nazo. Mudziwa m'mene zimakhalira. Banja lakhala pamodzi, nsima yadyedwa, wailesi iri kulira bwino. Tsono mwadzidzidzi nyimbo zobvina zileka, ndipo m'malo mwace mumveka tizingwe tolira mopyapyala, popanda munthu woyimba mau, popanda ng'oma, popanda poombera m'manja. Sipapita nthawi wina anyamuka natseka wailesi, nati, "Izi nza eni ace." Munthu wotere sindimdzudzula ai, pakuti inenso ndinali kucita comweco zaka zambiri. Koma tsiku lina ndinamva munthu ali kulankhula pang'ono nyimbo yotere isanayambe. Anangochula zinthu ziwiri kapena zitatu zoti ndizichere khutu, ndipo nyimbo imene ndikadaitseka ndinaimvera kufikira pamapeto pace ndiri duu. Ciyambire tsiku limenelo ndakhala ndiri kudzifunsa kuti, kodi mau ocepa aja anacita ciani m'makutu mwanga? Nanga wolankhula wotere ayenera kunena ziti, ndi kusiya ziti?

Tiyambe tadziwa nyimbo zimene ndiri kunenazi. Angelezi azicha chamber music, ndiko kunena kuti nyimbo za m'cipinda, cifukwa paciyambi pace zinali kulizidwa m'nyumba za anthu ku Ulaya, pakati pa abale ndi abwenzi, omvera atakhala pafupi ndithu ndi oliza. Olizawo amakhala owerengeka: awiri, atatu, anai, asanu, ndipo sikawirikawiri kufika khumi. Yense ali ndi mzere wacewace wa nyimbo umene mnzace saliza. Palibenso munthu woimirira patsogolo ndi kamtengo m'manja, monga muona m'magulu akulu a oyimba. Iwo okha ayang'anana, amverana kupuma, nayamba pamodzi. Wina akacedwa kapena akafulumira, onse amva pomwepo, ndipo alibe pobisala.

Mwa magulu onse otere, lochuka koposa ndilo la anthu anai, limene licedwa kwateti. Acikulire ena adzakumbukira kuti dzina lomweli linali kumveka pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, ponena za gulu la Alick Nkhata. Tanthauzo lace ndi anthu anai oyimba pamodzi, basi. Mu kwateti ya zingwe muli mavayolini awiri, viyola imodzi ndi celo cimodzi. Zonsezi ziri ndi zingwe zinai zinai, ndipo azikhwekhwereza ndi uta wa ubweya wa kavalo, monga m'mene woliza kaligo acitira ndi cingwe cace cimodzi. Vayolini ndiyo yaing'ono, ya liu lokwera ngati la msungwana. Viyola ikulirapo pang'ono, ndipo liu lace ndi lakuya ngati la mai wamkulu. Celo ndico cacikulu. Wociliza akhala pampando nacigwira pakati pa maondo, ndipo cilira ngati mwamuna wa liu lolemera.

Munthu amene anakonza mtundu uwu wa nyimbo kufikira unakhazikika ndiye Joseph Haydn wa ku Austria, amene anabadwa m'caka ca 1732 namwalira mu 1809. Iye anapeka makwateti oposa 60. Asanadze iye, kawirikawiri vayolini yoyamba ndiyo inali kunena zonse, zinazo nkumangobvomereza. Koma m'nyimbo zace zakukhwima anapatsa yense wa anaiwo cakunena. Nkaamba kace mlembi wamkulu wa ku Germany, Goethe, polembera bwenzi lace Zelter m'caka ca 1829, anafanizira kwateti ndi anthu anai anzeru amene ali kukambirana. Fanizo limeneli ife sitibvutika nalo. Tidziwa m'mene akulu akhalira pabwalo: wina aponya nkhani, wina aibwereza m'mau ena, wacitatu atsutsa, wacinai amene anali cete nthawi yonse anena mau atatu okha namanga mlandu.

Tsono taganizani za mlendo amene wafika pabwalo lotere mlandu uli pakati. Makutu ali nao, cinenero acimva, koma sadziwa kuti mfumu ndi iti, nkhoswe ndi ziti, wodandaula ndani, ndipo mlanduwo ngwa mbuzi kapena wa ukwati. Adzakhala kanthawi, adzayasamula, nadzacoka. Koma pakapezeka wina womnong'oneza kuti, "Uyo wa ndodoyo ndiye mwini mudzi; awo ndi atsibweni a mkazi; nkhani ndi ya munda," pomwepo mlendo uja ayamba kutsata, ndipo posacedwa ali ndi mbali imene aikondera. Ndimo m'mene ziriri ndi nyimbo za m'cipinda. Ziribe mau otiuza nkhani, ziribe gule wotigwira thupi, ndipo imodzi itha kutenga theka la ora. Munthu amene sanakule nazo asowa pogwira, ndipo nchito ya wolankhula ndiyo ya wonong'oneza uja.

Tisayese kuti kusamva kumeneku ndi cilema ca makutu athu ife tokha. Azungu ambiri oyamba kumva ng'oma za kuno anati ndi phokoso cabe lopanda dongosolo. Mmodzi wa iwo, mbusa A. M. Jones, amene anakhala zaka zambiri ku Mapanza, anadzicepetsa nakhala pansi ndi oliza ng'oma, nawapempha kuti alize imodzi imodzi, kenaka ziwiri ziwiri. Pamenepo anazindikira kuti ng'oma iriyonse iri ndi mayendedwe aceace, ndi kuti mayendedwewo apingasana mwadala, mwa nzeru yakuya. Anafotokozera anzace zimenezi m'buku lace la mu 1959. Ng'oma zinali zomwe zija, koma tsopano anthu anauzidwa pochera khutu. Munthu aliyense ali mlendo pa nyimbo za anzace, ndipo safunsa anadya phula.

Kulankhula pakati pa nyimbo sikunayambe lero ai. M'caka ca 1786 akulu a mpingo a mumzinda wa Cádiz, m'dziko la Spain, anapempha Haydn kuti awapekere nyimbo za Lacisanu Loyera, zotsata mau asanu ndi awiri otsiriza a Ambuye pamtanda. Mwambo wace unali wotere: makoma ndi mazenera anakutidwa ndi nsaru zakuda, nyali imodzi yokha inali kuyaka, ndipo masana zitseko zinatsekedwa. Wansembe anakwera pagome, nachula mau oyamba, nawafotokoza. Atatha anatsika nagwada, ndipo nthawi imeneyo oliza analiza. Anakweranso kaciwiri, kacitatu, kufikira kasanu ndi kawiri. Haydn mwini anabvomera kuti inali nchito yobvuta kupeka nyimbo zisanu ndi ziwiri zoyenda pang'onopang'ono, iriyonse ya mphindi ngati khumi, popanda kutopetsa omvera. Cimene cinamthandiza ndi cakuti nyimbo iriyonse inagwera m'mitima imene mau anali atailima kale. Poyamba anazipekera gulu lalikulu, koma mu 1787 anazikonzanso kuti zilizidwe ndi kwateti, ndipo kufikira lero makwateti ambiri poziliza aitana munthu wolankhula pakati pa zigawo zace.

Pamene nyimbo za m'cipinda zinaturuka m'nyumba za olemera ndi kufika kwa anthu olipira pakhomo, bvuto la mlendo lija linakula. Ku London, m'caka ca 1845, woliza vayolini wina dzina lace John Ella anayambitsa bungwe lochedwa Musical Union. Iye anakhazika oliza pakati pa cipinda, omvera nawazungulira, ndipo anali kupatsa anthu mapepala ofotokoza nyimbo iriyonse isanalizidwe. Mapepalawo anathandiza, koma makamaka iwo odziwa kuwerenga zizindikiro za nyimbo. Ndiponso munthu amene maso ace ali papepala samvetsa bwino ndi makutu. Wailesi ndiyo inasintha zinthu. Mu 1926 Walford Davies anayamba kulankhula pa B.B.C. za nyimbo kwa womvera wamba, atakhala pa piyano, kotero kuti ciriconse cimene anachula anali kuciliza pomwepo. Mu 1954 Antony Hopkins anayamba nkhani zace zochedwa Talking About Music, zimene zinapitirira zaka zoposa 30. Kacitidwe kace kanali kutenga nyimbo, kuimasula monga m'mene mai amasulira mtolo wa nkhuni, kuonetsa cidutswa ciriconse, ndi kuimanganso anthu ali kumva.

Koma citsanzo cimene cindigwira mtima koposa cinacitika m'ndende. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1940, wopeka nyimbo wa ku France, Olivier Messiaen, anagwidwa ndi asilikari a Germany natsekeredwa mumsasa wa andende wochedwa Stalag VIII-A, ku Görlitz. Pakati pa andende anzace panali oliza atatu: Henri Akoka wa citoliro cochedwa kilarineti, Jean le Boulaire wa vayolini, ndi Étienne Pasquier wa celo. Messiaen anawapekera nyimbo ya zigawo zisanu ndi zitatu, iye mwini nakhala pa piyano, ndipo anaicha Kwateti ya Citsiriziro ca Nthawi. Inalizidwa pa 15 January 1941, m'nyengo ya cisanu coopsa, pamaso pa andende ndi alonda ao. Pakati pa omverawo panali alimi ndi anchito wamba amene sanamvepo nyimbo yotere. Ndiponso nyimboyo inali yacilendo ngakhale kwa ophunzira. Cotero asanayambe, Messiaen anaimirira nalankhula. Anawauza za mngelo wa m'buku la Cibvumbulutso, mutu 10, amene analengeza za kutha kwa nthawi, pakuti ndipo panacokera ganizo lonse la nyimboyo. Anthu amene masiku ao onse anali kungowerenga nthawi, osadziwa tsiku lomasulidwa, anamva cimene anali kunena. Pambuyo pace Messiaen anati sanamveredwepo ndi cidwi cotere kwina kulikonse.

Tsono alipo ena, ndiponso si opusa ai, amene akana zonsezi. Iwo ati nyimbo yabwino idzinenera yokha. Ati cimene nyimbo inena sicingathe kunenedwa m'mau, pakuti cikadatheka wopekayo akadangolemba kalata. Atinso wolankhula amanga maganizo a womvera: akati gawo ili ndi mtsinje, anthu onse adzaona mtsinje, pamene wina akadaona mai wace, wina munda wa kwao. Oliza enanso adandaula kuti kulankhula kuwacotsa mtima pa nchito yao, pakuti munthu amene ali pafupi kuliza cinthu cobvuta afuna bata. Mau amenewa ali ndi coonadi m'kati mwace, ndipo aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa nyimbo nalankhulidwa kufikira kuwodzera adzawabvomereza. Koma ndikayang'anitsitsa, ndiona kuti cimene adana naco kwenikweni ndi kulankhula koipa. Cotero tiyeni tione zolakwa zace, zimene ndiziwerenga zinai.

Coyamba ndi kutalikitsa. Mau ali ngati mcere m'ndiwo. Ndi wapang'ono umene ukometsa. Wolankhula amene ayamba ndi tsiku lobadwa la wopeka nyimbo, nachula aphunzitsi ace onse, mizinda imene anayendamo ndi matenda amene anadwala, adzatha mphamvu ya omvera uta usanakhudze cingwe. Mphindi zitatu kapena zisanu zikwanira. Caciwiri ndi kulankhula cinenero ca m'sukulu ya nyimbo kwa anthu amene sanapiteko. Akatswiri ali ndi maina ao a zigawo ndi a kasinthidwe ka maliu, ndipo mainawo ndi abwino pakati pa iwo okha. Koma kwa mlendo ali ngati mpanda wina woonjezera pa umene ulipo kale. M'malo monena dzina lobvuta, wolankhula anene zimene khutu lidzakumana nazo: kuti kanyimbo kamene vayolini iyamba nako kadzasowa, kadzayendayenda m'manja mwa enawo kali kosinthika, ndipo pafupi ndi mapeto kadzabwerera kwao. Mwana aliyense amene anamvapo nthano ya munthu wopita kutali nabwerera kumudzi adzamva zimenezo.

Colakwa cacitatu ndi kukometsa nkhani ndi bodza, ndipo ciyeso cimeneci cigwera ngakhale anthu akulu. Messiaen mwini, pokumbukira usiku wa ku Görlitz uja, anali kunena kuti omvera anali 5,000, ndi kuti celo ca Pasquier cinali ndi zingwe zitatu zokha. Nkhaniyo inabwerezedwa zaka zambiri pamisonkhano ya nyimbo, pakuti ndi yokoma m'kamwa. Koma Pasquier atakalamba anafunsidwa, ndipo anati celo cace cinali ndi zingwe zonse zinai, ndi kuti nyimboyo siingalizidwe ndi zitatu. Ndipo ofufuza apeza kuti nyumba imene analiziramo inali yokwana anthu ngati 400. Kodi coonadico cicepetsa kanthu? Ai ndithu. Anthu 400 anjala, okhala cete m'cisanu pafupifupi ora lathunthu kumvera nyimbo yobvuta, ndi cozizwitsa cokwanira. Wolankhula amene anamiza anthu kuti awakope, tsiku limene adzadziwika adzataya omvera ace, ndipo nyimbo nayonso idzakaikiridwa pamodzi naye.

Colakwa cacinai ndi kuulula cimene wopeka nyimbo anafuna kubisa. Mu 1781 Haydn anapeka makwateti asanu ndi imodzi, ndipo yaciwiri yace anthu anaipatsa dzina lakuti Nthabwala. Pamapeto pace kanyimbo kosangalatsa kaduka pakati, oliza nakhala cete. Omvera ayesa yatha. Koma oliza apitiriza pang'ono, nalekanso. Atero kangapo, kenaka akhala cete nthawi yaitali, manja a anthu ali m'mwamba kufuna kuomba, ndipo mwakacetecete aliza ciyambi ca kanyimbo kaja, nalekera pomwepo. Pamenepo ndiye yathadi, koma palibe wolimba mtima kuomba m'manja, kufikira wina aseka, onse naseka. Tsono pepani anzanga, pakuti ndakuonongerani nthabwala imeneyi, ndipo ndacita dala, kuti muone m'mene mau angabere munthu cimwemwe cace. Wolankhula wanzeru pa nyimbo iyi anena cinthu cimodzi cokha: kuti Haydn anali munthu wonyenga anzace mosewera, ndipo acenjere naye pofika kumapeto.

Nanga wolankhula wabwino acita ciani? Poyamba aonetsa anthu eni nkhani: apempha woliza aliyense kuti alize pang'ono yekha, kuti khutu lidziwe liu la viyola ndi la celo, pakuti khutu losazolowera limangothamangira vayolini yoyamba. Kenaka apempha kuti alize kanyimbo kamene kali mutu wa nkhani, kamodzi kapena kawiri, kuti anthu akakumana nako m'tsogolo akazindikire monga nkhope ya munthu amene anapatsana naye moni. Ngati pali mbiri yoona imene wopekayo anafuna kuti idziwike, ainena mwacidule. Apatsa omvera cinthu cimodzi kapena ziwiri zoti aziyembekezere. Nkwabwino koposa ngati wolankhulayo ali mmodzi wa oliza, cifukwa anthu akamva liu lace, nkuona kuti nayenso ndi munthu wodziwa kuseka ndi kucita manyazi, mantha ao acepa. Potsiriza acita cinthu cobvuta koposa zonse kwa ife okonda kukamba, ndico kukhala pansi ndi kutseka pakamwa.

Kwa iye amene anati, "Izi nza eni ace," ndiri ndi liu limodzi. Nzoona kuti kwateti inabadwira ku Ulaya, koma siinakhale komweko. Mu 1992 gulu la ku America lochedwa Kronos Quartet linaturutsa mbale yochedwa Pieces of Africa, ya nyimbo zopekedwa ndi anthu a mu Africa muno. Mwa iwo munali Justinian Tamusuza wa ku Uganda, ndi Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, amene anapeka nyimbo yokumbukira mai wace, yochedwa Mai Nozipo. Mavayolini awiri, viyola ndi celo ndi zipangizo cabe, monga khasu. Mwini wace ndiye amene wazigwira, ndi amene wachera khutu.

Tsopano ndiyese kucita ndekha zimene ndalangiza ena, pakuti ndikatha kulankhula mudzamva gawo lotsiriza la kwateti ina imene ndiikonda. Anaipeka ndi Bedřich Smetana wa ku Bohemia, dziko limene lero liri mbali ya Czech Republic. Iye anabadwa mu 1824, nakhala mtsogoleri wa nyimbo m'nyumba ya masewero ya mumzinda wa Prague, wolemekezeka pakati pa anthu a mtundu wace. Mu 1874, ali ndi zaka 50, makutu ace anayamba kulira, ndipo cisanathe caka cimeneco anagontha kotheratu. Taganizani mmisiri wa matabwa wotaya manja. Patapita zaka ziwiri, mu 1876, anapeka kwateti imene anaicha Za m'Moyo Wanga, ndipo iye mwini sanaimve ndi makutu ace. Pamene abwenzi anailiza koyamba m'nyumba ku Prague mu 1878, wogwira viyola anali Antonín Dvořák, amene pambuyo pace anachuka pa dziko lonse.

Smetana anafotokoza yekha m'kalata cimene gawo lirilonse linena. Loyamba ndi unyamata wace ndi kulakalaka kwace, ndipo viyola ndiyo itsogolera. Laciwiri ndi gule wa kwao wochedwa polka, pakuti pa unyamata wace anali wokonda kubvina. Lacitatu, limene celo ciliyamba cokha, ndi cikumbukiro ca namwali amene anadzakhala mkazi wace. Lacinai ndilo mudzalimva tsopano, ndipo ndikupemphani zinthu ziwiri zokha. Poyamba mudzamva onse anai ali kuthamanga mokondwa, monga anthu obwera ku ukwati. Ameneyo ndi munthu amene wapeza nchito ya moyo wace, ndiyo kupeka nyimbo za mtundu wace, ndipo zonse ziri kumyendera. Musabvutike kutsata kanthu, ingokondwani nao. Koma patapita mphindi zingapo cikondwerero cidzaduka mwadzidzidzi. Pansi padzamveka kunjenjemera, ndipo pamwamba pace vayolini yoyamba idzagwira liu limodzi lokwera kwambiri, lopyoza, losasuntha. Mudzayesa kuti wailesi yanu yaonongeka. Musaikhudze ai. Limenelo ndilo liu limene linali kulira m'makutu mwa Smetana pamene kugontha kunali kudza. Likatha, tinyimbo tam'mbuyo tidzabwera pang'onopang'ono ngati zikumbukiro, ndipo nyimbo idzazirala kufikira kutha.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga bwanji mwatiululira za Smetana, pamene mwati kuulula za Haydn nkulakwa?" Kusiyana kwace ndi uku. Haydn anachera msampha, nafuna kuti tigweremo tisakudziwa; wotiuza pali msampha wamlanda Haydn nyama yace. Smetana anafuna kuti tidziwe, ndipo ncifukwa cace anapatsa nyimboyo dzina nalemba kalata ija. Popanda kuuzidwa, liu lija likhala ngati colakwa ca woliza; titauzidwa, tilowa kanthawi m'mutu mwa munthu wogontha ndi kumva cimene iye yekha anali kumva. Cotero funso loyamba la wolankhula aliyense, asanatsegule pakamwa, likhale ili: kodi mwini nyimboyi anafuna kuti mlendo adziwe ciani polowa, ndipo anafuna kuti apeze ciani yekha m'katimo?

Ndalankhula mopitirira mphindi zisanu zimene ndinalamula anzanga, ndipo mundikhululukire. Cimene ndipempha ndi ici: usiku uno, mukamva tizingwe tija tayamba, dzanja lisathamangire kutseka. Auzeni ana akhale cete kanthawi kocepa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kapena simudzaikonda nyimboyi, ndipo palibe mlandu, pakuti si ndiwo zonse zikomera munthu aliyense. Koma mudzakhala mutaimva musanaiweruze. Mukatero mutilembere kalata, mutiuze cimene munamva pamene liu lija linafika, ndiponso ngati mau anga anakuthandizani kapena anakutsekerani njira. Makalata otsutsa tidzawalandira ndi manja awiri monga obvomereza omwe.

Tsopano ndikhala cete, anai aja alankhule.